Mkango wa ku Ntchisi ndi Foni Yogwera M'madzi

Mudzi wa Anaphiri uli kumapiri kumene Dowa amagundana ndi Ntchisi, ndipo netiweki yake imagwira pachulu chimodzi chokha, kuseri kwa khola la a Nyakwawa. Madalitso anakulira ku Area 25 mumzinda wa Lilongwe, anaphunzira za uphunzitsi, ndipo boma linamutumiza pasukulu ina ya pulayimale kufupi ndi kwawo kwa mayi ake. Ali ndi Sitandade 4. Loweruka lina m'mwezi wa Okutobala anakwera kabaza kukaona agogo ake, Anaphiri, atanyamula paketi ya shuga ndi pempho limodzi. Anawapeza pakhonde akuswa mtedza wa mbewu.

ANAPHIRI: Ee, amuna anga atulukira! Miyezi itatu osaponda pakhomo. Akanakhala wina bwenzi atakwatiwa kale ndi wakabazayo, poti iye ndiye amadutsa pano tsiku ndi tsiku.

MADALITSO: Pepani agogo, ndi ntchito. Ana ndili nawo 112, ndekhandekha. Pomaliza kuchonga makope dzuwa limakhala litalowa.

ANAPHIRI: Shuga tamuona, ngakhale ndi kapaketi kakang'ono kaja. Khala pampandopo. Ndili nawe mlandu, iwe ndi mnzako Alefa.

MADALITSO: Alefa uti? Wa kwa a Nyakwawa uja anakwatiwa ku Mponela?

ANAPHIRI: Usandipusitse. Alefa wa m'timagalasi tija mwawapatsa ana kusukulu. Mlongo wako Tadala sakambanso za munthu wina pakhomo pano. Alefa wati chakuti, Alefa wandiyamikira. Ine amene ndimamuphikira phala m'mawa uliwonse sananditchulepo ngakhale kutulo.

MADALITSO: Oo, matabuleti! Agogo, Alefa si munthu. Ndi chithunzi cha mphunzitsi chimene anachiika m'makinamo n'kuchipatsa mawu a Chichewa. Anakonza ndi a bungwe la onebillion la ku London. Mwana amavala zomvera m'makutu, Alefa amatchula lembo, mwana n'kuligwira ndi chala. Akakhoza amamuyamikira, akalakwa amamubwerezetsa.

ANAPHIRI: Sakalipa?

MADALITSO: Sakalipa.

ANAPHIRI: Satuma ana kukatunga madzi a kunyumba kwake?

MADALITSO: Alibe nyumba, agogo.

ANAPHIRI: Malipiro akachedwa sachita sitalaka?

MADALITSO: Agogo!

ANAPHIRI: Nanga iweyo a boma akusungirenji? Yamba kufunsiratu mtengo wa njinga ya kabaza.

MADALITSO: Sizili choncho. Pasukulu pathu mwana amakhala ndi tabuleti theka la ola patsiku, nthawi ina yonseyo ali m'manja mwathu. Ndipo sizinangogwa kuchokera kumwamba. Anayamba kuziyesa mu 2013 pasukulu ya Biwi ku Lilongwe, mothandizana ndi a VSO, ndipo anaona kuti ana akugwira masamu msanga. Mu 2023 Unduna wa Zamaphunziro unayambitsa ndondomeko ya BEFIT, kuyamba ndi sukulu 500. Cholinga n'chakuti pofika 2029 sukulu zonse za pulayimale za boma, pafupifupi 6,000, zikhale ndi matabuleti a ana a Sitandade 1 mpaka 4. Timatchaja ndi sola.

ANAPHIRI: Manambala umawatha, ndiwedi mwana wa m'tauni. Ine ndinalowa komiti ya sukulu iwe usanamere mano. Cha m'ma 2008 anatibweretsera wailesi zopukusa ndi dzanja, za pulogalamu ya Tikwere. Tinavina chimtali, a PEA analankhula mpaka mawu kusasa, nkhuku zinafa. Patapita zaka zingapo chopukusira chinathyoka. Wailesi ija ndinaipeza itatsamiritsidwa kuchitseko cha ofesi ya ahedi kuti chisamamenyeke ndi mphepo.

MADALITSO: Nkhawa imeneyo ndi yoona. Nafenso timafunsana kuti mabatire akadzafa adzagula ndani. Koma mlandu wanu si umenewo, eti?

ANAPHIRI: Mlandu wanga ndi wakuti mwana wayamba kuwerenga.

MADALITSO: Umenewonso ndi mlandu?

ANAPHIRI: Tamvera kaye, usathamange. Kale uthenga ukalowa m'kafoni kangaka, ndinkadikira Lamulungu kuti mkulu wa mpingo andiwerengere tikaweruka kutchalitchi. Pano ndili ndi kalaliki wangawanga, wogona m'nyumba momwemuno. Lachiwiri lapitali kafoni kanalira. Tadala anakatenga, n'kuyeretsa kukhosi, n'kuwerenga osadodoma ngakhale pamodzi: "Mwaswera bwanji mayi. Ndalama ija tumizani pa nambala iyi, foni yanga yagwera m'madzi. Dzina lituluka la mlamu wanga, musadabwe." Tsono ine ndinali ndi ngongole ya K20,000 ku banki m'khonde, ndipo msungichuma wathu Anabanda amachapadi kumtsinje foni ili pachifuwa. Ndinamasula ndalama za soya, ulendo wa kwa ejenti kumsika.

MADALITSO: Mayo ine! Munatumiza?

ANAPHIRI: Ndikanatumiza bwenzi utapeza masamba panjira, anthu akulira. Ndikudutsa pachigayo ndinangoona Anabanda ali pamzere, akulalatira amuna awo pafoni. Foni youma gwa. Ndinati, "Anzanga, yauma msanga bwanji?" Iwo akuti, "Chauma n'chiyani?"

MADALITSO: Chigayo chinakupulumutsani.

ANAPHIRI: Ndiye taona. Mwanayu akanakhala wosadziwa kuwerenga, kalata ya wakubayo ikanagona mufoni mpaka Lamulungu, ndipo mkulu wa mpingo akanangoiona n'kuseka. Alefa wanuyo waphunzitsa mwana kuwerengera akuba makalata awo, momveka bwino, kwaulere.

MADALITSO: Agogo, mwanditsogolera. Chimene ndadzera ndi chomwechi.

ANAPHIRI: Nawenso wadzera K20,000 yanga?

MADALITSO: Iyayi, ndadzera nkhani yakeyo. M'tabuleti muja mulibe intaneti, ndipo mulibe wabodza. Alefa akati ili ndi "ma", ndi "ma" basi. Ndiye mwana wa zaka 8 amazolowera kuti mawu otuluka pagalasi satsutsidwa. Akafika kunyumba mumamupatsa galasi lina, loti aliyense wokhala ndi timayunitsi angathe kulankhuliramo ali ku Blantyre, ali kundende, ali kuseri kwa nyumba yanu yomweyi. Nanga m'midzi muno amene amawerengera akuluakulu mauthenga ndani? Za feteleza wotsika mtengo, za fodya amene wapita ku Kanengo, za ndalama zochokera kwa ana a ku Joni, zonsezi zikudutsa pakamwa pa ana a Sitandade 3 ndi 4. Ine ndikufuna mwana akamaliza kuwerenga asangotambasula dzanja kubweza foni. Afunse kuti walemba ndani, akufuna chiyani, ndipo akutifulumizitsiranji.

ANAPHIRI: Zimenezo zili m'buku la boma?

MADALITSO: Mayeso a MANEB a Sitandade 8 safunsa za uthenga wa pafoni. Ndimazilowetsa mozemba m'phunziro la Chichewa, pa kuwerenga ndi kumvetsa nkhani. Mafoni pasukulu pathu saloledwa, ndiye ndinadula katoni ya sopo, n'kujambulapo foni yaikulu, mabatani ndi zonse. Uthenga ndimaulemba papepala n'kuumata pamenepo, ana n'kuyamba kuuzenga mlandu.

ANAPHIRI: Mwana wa mwana wanga, sukulu yonse ija ya ku Lilongwe, mathero ake foni ya katoni. Anthu asamve, ndingachite manyazi kumjigo.

MADALITSO: Musaseke. Ku Dzaleka konkuno kuli malo otchedwa takenoLAB, ophunzitsa achinyamata kupanga mapulogalamu a kompyuta. Anayambitsa ndi Remy Gakwaya, wothawa kwawo ku Burundi. Poyamba makompyuta analibe, ankaphunzitsa anzake mabatani pa zithunzi za papepala.

ANAPHIRI: Dzaleka! Nthawi ya Kamuzu dzina limenelo tinkalitchula monong'ona, poti kunali ndende yoti wolowa sankadziwa tsiku lotuluka. Chibwerereni othawa nkhondo mu 1994, pano ndi kumene atsikana akuno amathamangira Lachiwiri kukagula zitenje. Chabwino, katoni yako ndaisiya.

Apa timuchitire umboni Madalitso. Tikamakamba za makina m'sukulu timakonda kuwerenga matabuleti amene agawidwa ndi masola amene akhomedwa padenga, chifukwa zimenezo zimajambulika bwino. Koma mwana wa ku Malomo kapena ku Madisi galasi loyamba lomunamiza sakumana nalo m'kalasi. Amakumana nalo madzulo pakhomo, agogo atamutambasulira kafoni ka mabatani. Mphunzitsi woganizira zimenezo ndi katoni yake ali patsogolo pa silabasi.

MADALITSO: Tiyeni ndikuyeseni phunziro lina limene ndakonzera ana. Chithunzi ichi munachionapo?

ANAPHIRI: Mkango uja! Chotsa, chotsa. Umenewu ndi umene unatisowetsa nkhuni masiku atatu. Anationetsa mkamwini wa kwa Anabanda, ati wapezeka m'nkhalango ya Ntchisi, wagwira kale ng'ombe ziwiri.

MADALITSO: Inu munakhulupirira?

ANAPHIRI: Ndikanatani? Mnyamatayo anati zachokera ku gulupu. Ine ndinati ngati a Gulupu anena, ndani angatsutse mfumu yaikulu?

MADALITSO: Agogo, si a Gulupu amenewo. Ndi gulupu ya WhatsApp. Anthu amasonkhana mufoni, aliyense n'kumaponyamo zimene watola.

ANAPHIRI: Mfumu yake ndani?

MADALITSO: Amati adimini. Ya kunoyi adimini wake ndi mnyamata wometa kumsika uja.

ANAPHIRI: Wometa uja? Amene anameta a Nyakwawa mbali imodzi batire n'kumuthera? Ine kudya nsima yosapsa masiku atatu chifukwa cha ameneyo? Bweretsa kuno mkangowo. Tsiku lija mwini foni sanalole kuti ndiigwire, ati manja anga ndi a mtedza. Kulitsa. Kulitsanso, maso anga si a mtsikana.

MADALITSO: Mukuona chiyani?

ANAPHIRI: Asa! Uno ndi mwezi wanji?

MADALITSO: Okutobala.

ANAPHIRI: Tayang'ana phiri ilo. Anyamata osaka mbewa anatentha kalekale, ponseponse pali lupsa, mitengo ya mombo ikungotulutsa kumene masamba ofiira. Koma mkango wakowu wagona pa msipu wobiriwira wa mvula ya Januwale. Ndipo dziko lake ndi lathyathyathya mpaka kumalekezero. Ku Ntchisi malo athyathyathya ndi bwalo la mpira lokha, nalonso mpira umathawira kumunsi wokha. Masuku ali kuti? Palibe ndi mtengo umodzi womwe. Nanga ichi kumbuyoku, chamizeremizere, si mbidzi?

MADALITSO: Ha! Ine mbidziyo sindinaione.

ANAPHIRI: Mbidzi inafika ku Ntchisi pa minibasi iti? Ndipo pakona apa pali galimoto yong'ambika denga, azungu atulutsa mitu. Mkango wadya ng'ombe za anthu, azungu n'kumausekerera?

MADALITSO: Agogo, ndinakonza mafunso atatu okha pa chithunzi chimenechi. Inu mwayankha asanu.

ANAPHIRI: Akanati njovu ndikanavomera mpaka lero, poti kunkhalango ya Nkhotakota, kuseri kwa mapiriwa, anabweretsako njovu pa malole.

MADALITSO: Pafupifupi 500, kuchokera ku Liwonde ndi ku Majete, mu 2016 ndi 2017. Ndipo bodza limagwira pamenepo. Anthu akudziwa kuti nyama zinabweradi pa malole, ndiye wina akawonjezerapo mkango palibe wodabwa. Wakuba wa K20,000 uja nayenso sanatchule dzina la Anabanda. Anangoti "ndalama ija", podziwa kuti Mmalawi aliyense ali ndi ndalama ija imene akuyenera kubweza kwinakwake. Dzina munaikapo nokha.

ANAPHIRI: Ine? Chabwino, zithunzi ndi zilembo zinganame, ndavomera. Koma mawu a munthu ayi. Zija mumati voisi zija, munthu akulankhula yekha, nthawi zina akulira. Chimene ndamva ndi makutu angawa sindingachikane.

MADALITSO: Munamva chiyani?

ANAPHIRI: Chaka cha matenda a korona chija, sukulu zitatsekedwa. Mzimayi akulira mufoni, akuti anamapopa alowa m'mudzi mwawo usiku, abowola denga. Kulira kwenikweni, kwa m'mimba.

MADALITSO: Anatchula mudzi?

ANAPHIRI: Sanatchule.

MADALITSO: Dzina lake? Mfumu yake? Tsiku limene zinachitika?

ANAPHIRI: Munthu akulira ungamufunse chiphaso?

MADALITSO: Pamaso ayi, koma wa mufoni tiyenera kumufunsa. Mu 2017 mphekesera imeneyi inayamba ku Mulanje ndi ku Phalombe, ndipo anthu osalakwa anaphedwa, ena chifukwa chongokhala alendo m'deralo. Mu 2020 inadzukanso n'kufika chigawo chapakati chino. Palibe amene anagwidwa ndi magazi a munthu ngakhale dontho, koma manda alipo.

Anaphiri anasiya kuswa mtedza kwa kanthawi.

ANAPHIRI: Amuna a m'mudzi muno ankagona panja ndi zibonga. Mnyamata wina wogula soya anathawa kusiya sikelo. Akanamugwira usiku umenewo sindikudziwa. Koma usanamizire foni yokha, amuna anga. Za anamapopa ndinayamba kuzimva ndili namwali, kulibe foni, wailesi ili kwa aphunzitsi okha.

MADALITSO: Zoona. Kungoti nthawi imeneyo bodza linkayenda wapansi. Likafika pamtsinje wodzaza linkagona tsidya, panjira n'kukumana ndi anthu olifunsa kumene lachokera. Pano likanyamuka ku Nsanje, madzi a nsima asanawire lafika ku Chitipa. Ndipo pali china chatsopano. Masiku ano kompyuta ikamva mawu a munthu kwa kanthawi, imatha kulankhula ndi mawu akewo zinthu zimene iye sananene.

ANAPHIRI: Mawu angawa?

MADALITSO: Anuwa. Ingathe kuimbira amayi ku Area 25, n'kunena kuti, "Ndine mayi ako, ndagonekedwa ku Dowa, tumiza ndalama."

ANAPHIRI: Ndiye kuti ufiti walowa m'sitolo. Koma mayi ako sangapusitsike. Ine ndikaimba sindiyamba ndi ndalama, ndimayamba ndi kumukalipira.

MADALITSO: Pamenepo ndi pamene ndikufuna! Kale munkadziwa bwanji kuti uthenga ndi weniweni?

ANAPHIRI: Uthenga unali ndi mwini wake. Tenga wa maliro. Sunkanyamulidwa ndi aliyense wongomva kulira. Eni mbumba ankapita kaye kwa a mfumu, a mfumu n'kutuma anyamata odziwika, ana a uje ndi uje, oti akanama tikawapeza kwawo. Wina akabwera yekha usiku kudzati wakuti watisiya, perekani ufa, tinkamukhazika pansi: wakutuma ndani, a mfumu akudziwa, wadwala masiku angati? Wabodza amatopa pafunso lachitatu.

MADALITSO: Dikirani ndilembe.

ANAPHIRI: Lemba, sindilipiritsa lero. Ndiye panali makalata a ku Joni. Agogo ako aamuna anapita ndi Wenela mu 1971, ndege ija isanagwe ku Francistown, Kamuzu n'kuletsa ulendowo. Kulemba sankadziwa, ankalembetsa kwa anzawo kukomboni, ndiye dzanja linkasintha kalata ndi kalata. Koma ine ndinkadziwa kuti ndi iwo. Kalata iliyonse inkayamba ndi mbuzi. Kodi mbuzi yaikazi ija yaswa? Kodi khola mwafolera? Akatero ankafunsa za amayi awo, kenako za njinga imene anasiya kwa achimwene awo. Ine ndinkabwera kumapeto, pamodzi ndi nkhuku.

MADALITSO: Pepani agogo.

ANAPHIRI: Usandipepese, zinandithandiza. Tsiku lina kunabwera mnyamata wovala chipewa chopendekeka, ati wachokera kumgodi komweko, ndipo wanyamula kalata. Aphunzitsi anandiwerengera. Inati ndimupatse mnyamatayo mbuzi ziwiri akagulitse, ndalama akawapatsire iwo. Koma inayamba bwanji ukudziwa? "Wokondedwa wanga wapamtima." Ndinangodzuka kukatenga munsi. Munthu uja chikwatirane sananditchulepo wokondedwa, ngakhale ataledzera.

MADALITSO: Mnyamatayo anatani?

ANAPHIRI: Chipewa chake chinakhala zaka ziwiri m'munda mwanga chikuopseza akhwangwala.

MADALITSO: Agogo, pempho langa ndi limeneli. Mubwere kusukulu Lachitatu mudzawauze ana nkhani zimenezi. Ine ndikanena za kufufuza gwero la uthenga amangondiyang'ana. Koma akamva za mbuzi ndi munsi sadzaiwala. Mukamaliza ndidzamata uthenga wa foni yogwera m'madzi pakatoni paja, ana apeze okha pamene wakuba anapunthwa.

ANAPHIRI: Ine kuima kutsogolo kwa kalasi? Sukulu ndinalekeza Sitandade 2, ya kwacha ndinapitako miyezi iwiri, mvula itayamba n'kuthawa. Ndife mtundu woopa sukulu ife. Agogo anga ankasimba kuti azungu a Dutch atafika ku Mvera, makolo ena ankabisa ana m'nkhokwe kuopa sileti.

MADALITSO: Mu 1889 mmenemo, nthawi ya amishonale Murray ndi Vlok. Mishoni ya ku Kongwe anatsegula Robert Blake mu 1894. Ndiye kuti Dowa wakhala akukangana ndi zida zophunzirira zaka zoposa 130, ndipo sileti inapambana. Inu musaope. Kukoleji anatiphunzitsa njira yotchedwa TALULAR, yoti mphunzitsi azigwiritsa ntchito zinthu zopezeka pamalo pomwepo, osadikira za ku likulu.

ANAPHIRI: Zinthu monga chiyani?

MADALITSO: Monga timiyala, zitsononkho, zitsekerero za mabotolo...

ANAPHIRI: Ndi ine.

MADALITSO: Sindinatero, agogo.

ANAPHIRI: Watero. Wayenda ulendo wonsewu ndi kashuga kako kudzanditola ngati chitsekerero cha botolo. Ukamaliza udzandisunga m'katoni ya ahedi pamodzi ndi wailesi ya Tikwere?

MADALITSO: Mudzakhala mlendo wolemekezeka. Ahedi avomera kale.

ANAPHIRI: Alefa adzakhalapo?

MADALITSO: Nthawi imeneyo matabuleti amakhala ali pa tchaji.

ANAPHIRI: Bwino, asamve zimene ndikamunene. Komatu ndisakunamize, mtsikanayo ntchito amaidziwa. Amayi ake a Tadala anafika Sitandade 5 akuwerengabe ndi chala, mawu amodzi kuwatafuna katatu. Uyu ali Sitandade 3 wandiwerengera kale pepala la kuchipatala, mpaka anandigwira kuti mapiritsi a BP ndikumwa awiri m'malo mwa limodzi. Ndikungoti ntchito waisiyira panjira.

MADALITSO: Ndiye tiimalize ife.

ANAPHIRI: Ife? Iweyo uli ndi nkhope yophunzitsa ana za akuba a pafoni?

MADALITSO: Bwanji agogo?

ANAPHIRI: Ntchito ya ku bungwe ija inatha bwanji?

MADALITSO: Ntchito iti?

ANAPHIRI: Mayi ako amandiuza zonse, ndikamaliza kumukalipira. Chaka chatha, usanaitanidwe ndi boma. Uthenga unabwera pa gulupu ya wometa wa kwanuko, wa Chingerezi chokhachokha, pamwamba pali chidindo chokongola. Akufuna achinyamata ophunzira, malipiro ake a madola, koma uyambe watumiza K15,000 ya fomu. Unagulitsa nsapato zako za mpira.

MADALITSO: Zinali zolembedwa bwino kwambiri, agogo. Panalibe ndi sipelo imodzi yolakwika.

ANAPHIRI: Unasita malaya masabata awiri kudikira intaviyu. Ine anandipeza ndi Chichewa, iwe anakupeza ndi Chingerezi. Kusiyana kwake n'kwakuti yanga ndikadali nayo, ili pamfundo ya chitenje apa.

MADALITSO: Inu chinakupulumutsani ndi chigayo, si nzeru.

ANAPHIRI: Nanga iwe ku Area 25 zigayo kulibe?

MADALITSO: Chabwino, mwapambana. Koma imeneyi isatuluke pakhonde pano. Ana akaimva sadzandiopanso.

ANAPHIRI: Iwe ukufuna ndikaime pamaso pa ana 112, ndikaulule kuti ndinathawa mkango wa pachithunzi, kuti amuna anga ankandiwerengera pamodzi ndi nkhuku, koma yako ya nsapato ibisike? Ana amenewo mawa adzakhala a Fomu 4, ndipo wowabera sadzabwera ndi foni yogwera m'madzi. Adzabwera ndi chidindo ndi Chingerezi. Nkhani yakoyo ndiyo akuisowa kuposa yanga.

MADALITSO: Mwina tingati zinachitikira mnzanga wina.

ANAPHIRI: Mnzako dzina lake ndani? Kwawo n'kuti? Mfumu yake ndani? Waona, watopa pafunso loyamba. Tsono mvera zanga. Pansi sindikhala, ndikufuna mpando wa ahedi, wotsamira uja. Tadala akhale kutsogolo, aone kuti agogo ake nawonso amayamikiridwa. Wometa uja umuitane, akhale kumbuyo ndi adimini wake.

MADALITSO: Adimini ndi iye yemweyo, agogo.

ANAPHIRI: Ndiye abwere onse awiri. Za nsapato ndikanena, ufune usafune. Lachitatu utumize kabaza mmamawa dzuwa lisanakwere, ndipo umulipiriretu popita ndi pobwera.